Kusankha Galimoto Yaing'ono Yoyendera Tsiku ndi Tsiku

 M'nkhani yathu ya lero tikambirana za kasankhidwe ka galimoto yaing'ono, yoti munthu aziyendera tsiku ndi tsiku, yosamudyera chuma ndiponso yomukondweretsa poiyendetsa. Chitsanzo chathu titenga pa Kamwendo m'boma la Mchinji, koma zimene tinene zikukhudzani nonse, kaya muli ku Mzimba, ku Ntcheu kapena ku Mulanje.

Tasankha Kamwendo chifukwa pamalo amenewa pamakumana miseu ya mitundu yonse imene galimoto ya m'dziko muno imayendamo. Pamadutsa mseu wa tala wa M12 wochokera ku Lilongwe, wodzera pa Namitete ndi pa Waliranji, wopita ku boma la Mchinji mpaka ku malire a Zambia pa Mwami. Pomwepo pamapatukira mseu wa M18 wolowera ku Kapiri, ku Santhe ndi ku Chinkhoma m'boma la Kasungu. Koma munthu akangosiya tala kulowera kumudzi kwao, amapeza fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Galimoto imene ingapirire pa Kamwendo ingapirirenso m'madera ambiri a Malawi.

Nkhani imeneyi si yamasewera. Kwa ambiri a ife, kupatula nyumba, galimoto ndiyo chinthu chodula koposa chimene tingagule m'moyo wathu. Mlimi amaikapo ndalama za fodya, mtedza ndi soya za zaka zingapo. Mphunzitsi ndi namwino amatenga ngongole imene adzakhala akudulidwa pa malipiro kwa nthawi yaitali. Akalakwa posankha, galimoto imakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, pamene ngongole ikupitirira kudulidwa mwezi ndi mwezi.

Tsono galimoto imene tikunenayi ndi yotani? Ogulitsa amaitchula kuti hatchback. Ndi ija yaifupi, yopanda buti yotulukira kumbuyo, imene chitseko chake chakumbuyo chimatsekukira m'mwamba pamodzi ndi galasi lomwe. Malo a katundu ndi malo a anthu ndi chipinda chimodzi, kotero kuti mukapinda mpando wakumbuyo mumapeza malo okwanira kuikamo njinga, makina osokera kapena matumba ochepa a feteleza. Kufupika kwake kumathandiza pokhota pamsika podzaza anthu, ndipo kupepuka kwake kumachepetsa mafuta.

Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 galimoto zinali za anthu owerengeka, ndipo zooneka kawirikawiri zinali monga Peugeot 404, Datsun ndi Land Rover. Zinthu zinasintha pamene galimoto zogwirapo kale ntchito zinayamba kubwera zambiri kuchokera ku Japan. Chifukwa chake n'chakuti ku Japan amayendetsa kumanzere kwa mseu monga ife, kotero chiwongolero chili kumanja monga tifunira. Ndiponso kumeneko lamulo limafuna kuti galimoto iyesedwe ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama zambiri. Choncho eni ake amagulitsa galimoto zidakali zamphamvu. Zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe m'boma la Karonga.

Tiyeni tione mitundu imene mungaipeze. Toyota Vitz inayamba kupangidwa m'chaka cha 1999, ndipo dzina limeneli linagwira ntchito ku Japan mpaka 2020 pamene anayamba kuitchula Yaris. Imapezeka ndi injini ya 1000cc kapena ya 1300cc. Toyota Passo inatuluka mu 2004. Ankaipanga ndi a kampani ya Daihatsu, ndipo denga lake ndi lalitali, lopatsa malo kwa munthu wamtali. Honda Fit, ya kuyambira 2001, ili ndi thanki ya mafuta pansi pa mipando yakutsogolo, ndipo chifukwa cha ichi mipando yakumbuyo imapindika mpaka pansi, n'kusiya malo ambiri a katundu koposa zinzake. Mazda Demio ndi Suzuki Swift zimadziwika ndi kumvera bwino chiwongolero. Demio imene inatuluka mu 2007 inapepukitsidwa, ndipo mu 2008 inasankhidwa kukhala galimoto yapamwamba ya chaka pa dziko lonse pansi pa dzina lakuti Mazda2. Palinso Nissan March, Volkswagen Polo imene amaipanga ku Kariega ku South Africa, ndi tating'ono kwambiri ta injini ya 660cc monga Daihatsu Mira.

Pa zonsezi palibe imodzi imene tinganene kuti ndiyo yoyenera aliyense. Chimene tingachite n'kukupatsani mafunso oti mudzifunse, mwadongosolo, musanatulutse ndalama m'thumba.

Funso loyamba n'lakuti, kodi galimotoyo izigwira ntchito yanji? Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, muwerenge maulendo amene mumayenda pa mwezi. Ngati ndi opita ku ntchito ku boma, kutula ana ku sukulu, kupita ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi kuthamangira ku chipatala usiku, galimoto yaing'ono ikukwanirani. Koma ngati cholinga chanu n'kututa mtedza kumunda kapena kutengera mabelo a fodya ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, musaizunze. Imeneyo ndi ntchito ya ngolo ndi lole. Galimoto zazing'onozi zinapangidwira anthu osapitirira asanu, ndipo zonse zimene zinganyamule, anthu ndi katundu pamodzi, ndi makilogalamu pafupifupi 400. Anthu akuluakulu asanu afika kale pa makilogalamu opitirira 300. Mukaonjezapo matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50 mwadutsa muyezo. Mashoka ndi masipuling'i amafooka, matayala amatentha, ndipo mabuleki sagwira pamene muwafuna.

Funso lachiwiri ndi la injini ndi mafuta. Dziko lathu lilibe doko, ndipo mafuta onse amachokera kunja kudzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ogulidwa ndi ndalama zakunja. Tonse tinaona mizere ya pa malo omwetsera mafuta m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso mobwerezabwereza kuyambira 2022. Pa nthawi zotere mwini galimoto yaing'ono ndiye amagona tulo. Tiyerekeze chonchi. Kuchokera pa Kamwendo kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 90, ndiye kuti 180 kupita ndi kubwera. Galimoto yoyenda makilomita 15 pa lita imodzi idzamwa malita 12. Galimoto yaikulu yoyenda makilomita 9 pa lita idzamwa malita 20. Kusiyana kwake ndi malita 8 pa ulendo umodzi. Munthu wopita ku Lilongwe kanayi pa mwezi wapulumutsa malita 32, ndipo pa chaka ndi malita 384. Chulukitsani nokha ndi mtengo wa petulo, muone kuti ndi matumba angati a feteleza.

Komabe injini yaing'ono koposa siyo yabwino koposa nthawi zonse. Ya 660cc imachita bwino m'tauni ndi munthu mmodzi kapena awiri. Koma pa mseu wautali, itanyamula banja lonse, imalira mokakamizika, ndipo podutsa lole yaikulu ya ku Chipata imakutayitsani nthawi kumbali yoopsa ya mseu. Ya 1000cc ndi yosunga mafuta, ngakhale kuti yambiri ili ndi masilinda atatu ndipo imanjenjemera pang'ono ikaima. Kumeneko si kudwala, ndi chibadwa chake. Kwa munthu woyenda kawirikawiri pakati pa Mchinji, Lilongwe ndi Kasungu ndi anthu anayi, ya 1300cc ndiyo ili pakati ndi pakati: mphamvu ilipo, ndipo mafuta sachuluka kwenikweni. Ziliponso zoyendera petulo ndi magetsi pamodzi monga Toyota Aqua, imene inayamba mu 2011. Imeneyi imamwa mafuta ochepa zedi, koma batire yake yaikulu ikatha mphamvu, kugula ina kumafuna ndalama zambiri ndi mmisiri woidziwa. Musaigule musanadziwe amene adzaikonza.

Funso lachitatu n'la kutalika kwa galimoto kuchokera pansi. Galimoto zimenezi anazipangira miseu yosalala ya ku Japan, ndipo mimba ya zambiri imatalikirana ndi nthaka masentimita 13 mpaka 15 okha. M'mseu wa kumudzi, mmene ngolo ndi mathirakitala zakumba mbali zonse ziwiri n'kusiya mtumbira pakati, mimbayo imakhula pansi. Mwala umodzi ungaboole beseni la oyilo, ndipo injini yoyenda popanda oyilo imafa m'mphindi zochepa. Choncho gwadani musuzumire pansi. Pewani zija anaziika mapulasitiki otsikira pansi okongoletsera, ndi zija za malimu aakulu okhala ndi matayala opyapyala; zimakongola pachithunzi, koma dzenje loyamba limapinda limu. Tayala la mnofu wokwanira, monga la saizi 14 kapena 15 wamba, limameza mabampu ndipo limapezeka mosavuta. Mmisiri wowotcherera angakuikireni chitsulo chotchinjiriza pansi pa injini pa mtengo wochepa poyerekeza ndi wa injini ina.

Pa matayala pomwepo, taonani zinthu zitatu. Galimoto zina zimabwera ndi matayala oyendera pa chipale chofewa cha ku Japan. Mphira wake ndi wofewa, umatha msanga pa tala wotentha ndipo sugwira bwino pa mvula. Chachiwiri, m'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 atanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mano ake alipo. Chachitatu, zambiri zimabwera ndi kasipeya kakang'ono kosayenera kupitirira liwiro la makilomita 80 pa ola, ndipo zina zilibe sipeya n'komwe. Munthu wa kumudzi agule tayala lathunthu la sipeya, jeke ndi sipanala yake tsiku lomwe wagula galimoto.

Funso lachinayi ndi la giya. Zambiri zochokera ku Japan ndi zosintha zokha magiya, ndipo mwa izo zochuluka ndi za mtundu wotchedwa CVT, umene m'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri m'malo mwa mano. Giya imeneyi ndi yofewa poyendetsa ndiponso yosunga mafuta, koma ili ndi malamulo ake. Imafuna oyilo wake wa CVT, osati oyilo wamba wa giya. Ambiri aononga galimoto chifukwa chothiridwa oyilo wolakwika. Siikonda kukoka ngolo kapena galimoto inzake, ndipo siikonda kupalasa nthawi yaitali itatitimira m'matope. Ndiponso batire ikafooka simungailize mokankha monga tichitira ndi ya giya yamanja. Ya giya yamanja ndi yolimba, yosavuta kukonza, ndipo m'matope woyendetsa amailamulira bwino, kungoti imapezeka mwa apo ndi apo.

Funso lachisanu, limene ambiri amaliiwala, n'lakuti: ikaonongeka, adzaikonza ndani, ndipo zipangizo zidzachokera kuti? Musanagule, pitani kwa makaniko amene mumamukhulupirira, pa Kamwendo pomwepo kapena ku boma, mumufunse galimoto imene amaidziwa bwino ndi imene zipangizo zake amazipeza tsiku lomwelo. Paja safunsa anadya phula. Kuno kwathu zipangizo za Toyota ndizo zimapezeka msanga chifukwa galimoto zake n'zochuluka. Za mitundu ina nthawi zambiri zimafuna ulendo wa ku Lilongwe, ndipo za mitundu yosowa zimachita kuitanitsidwa kunja, galimoto ili chiimire. Dziwaninso zobisika za mtundu umene mwasankha. Mwachitsanzo, Honda Fit yoyambirira ya 1300cc ili ndi mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse. Wosadziwa amasintha anayi akutsogolo okha, galimoto n'kumapitirira kudukiza.

Tsopano tifike pa tsiku loona galimotoyo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani masana, dzuwa likuwala, ndipo mutenge makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Pemphani kuti injini muilize nokha ili yozizira, pakuti injini yotentha imabisa matenda. Utsi wabuluu usonyeza kuti ikudya oyilo. Utsi woyera wosaleka usonyeza kuti madzi akulowa m'masilinda. Tsekulani chivindikiro cha oyilo: mukaona zoyera ngati chambiko, madzi asakanikirana ndi oyilo. Mukatembenuza kiyi, nyali zonse zochenjeza ziyake, kenaka zizime injini ikalira. Nyali yosayaka n'komwe mwina anaichotsa dala. Yang'anani dzimbiri pansi, chifukwa m'madera ozizira a ku Japan amathira mankhwala a mchere pamseu. Musakhulupirire makilomita olembedwa pa wotchi okha, popeza anthu ena amawabweza m'mbuyo. Yerekezani ndi kutha kwa chiwongolero, mpando ndi zopondera. Pomaliza yendetsani pa tala ndi pa fumbi pomwe, wailesi itatsekedwa, kuti mumve kugogoda kulikonse.

Kunena za wailesi, pali kanthu kamene kamadabwitsa ambiri. Wailesi za m'galimoto za ku Japan zimagwira mafunde a FM oyambira pa 76 kulekeza pa 90, zina pa 95, pamene nyumba zoulutsira mau za kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108. N'chifukwa chake munthu amapeza kuti wailesi yake ikugwira nyumba imodzi kapena ziwiri zokha. Siinafe ai, pali kachipangizo kotsika mtengo kamene amalumikiza ku waya wa mlongoti, ndipo mudzatimvanso bwino pamodzi ndi anzathu a Mudzi Wathu a ku Mchinji.

Funso lachisanu ndi chimodzi ndi la mapepala, ndipo inu a m'malire mumvetsetse. Galimoto iliyonse yolowa m'dziko muno kudzakhala iyenera kulipiridwa msonkho ku bungwe la Malawi Revenue Authority, ndipo msonkhowo umatsata kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Mtengo umene mumauona pa intaneti si mtengo wofikira pakhomo panu: pali za sitima, za pa doko, za woiyendetsa kuchokera ku Dar es Salaam, msonkho, ndi zolembetsa. Funsani ku MRA musanatumize ndalama. Kumbukiraninso kuti mtengowo uli m'madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo amene anali asanamalize kulipira anafunika kuonjezera ndalama zambiri.

Pa Kamwendo n'pafupi ndi Chipata, ndipo munthu angakutsatseni galimoto ya nambala ya ku Zambia pa mtengo wokopa. Galimoto yotere imalowa ndi chilolezo cha kanthawi, cha mlendo wodzacheza. Mukaigula osalipira msonkho ndi kuilembetsa kuno, tsiku lina idzalandidwa pa chipata cha apolisi, ndipo ndalama zanu zidzapita. Choopsa china n'chakuti ingakhale yobedwa. Choncho, kaya galimoto ndi ya kunja kaya ndi ya konkuno, yerekezani nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zalembedwa m'buku la galimoto, ndipo apolisi aione ndi kutsimikiza. Posintha umwini, pitani nonse awiri, wogula ndi wogulitsa, ku ofesi ya Road Traffic, dzina lanu lilowe m'kaundula. Kalata yolemberana pansi pa mtengo, ngakhale pakhale mboni, siikupangani mwini galimoto pamaso pa boma.

Mukatero musaiwale chiphaso cha COF chotsimikiza kuti galimoto ili bwino, inshuwalansi imene lamulo limafuna, ndi laisensi yanu yoyendetsera. Wofuna kuolokera ku Zambia pa Mwami, pamene mu December 2022 anatsekulapo nyumba imodzi yogwiriramo ntchito maiko onse awiri, afunse za inshuwalansi ya COMESA yotchedwa Yellow Card. Ndipo wofuna kunyamula anthu olipira adziwe kuti imeneyo ndi ntchito ya chilolezo chake ndi inshuwalansi yake. Galimoto yolembedwa ngati ya pakhomo ikachita ngozi itanyamula matola, a inshuwalansi angakane kulipira.

Funso lotsiriza n'la ndalama zotsala. Walira mvula walira matope. Musathere ndalama zonse pa mtengo wogulira. Siyani gawo loti musinthire oyilo, masefa, mapulagi ndi matayala galimoto ikangofika, pakuti simudziwa kuti mwini wake woyamba anazisintha liti. Kuno kwa fumbi ndi bwino kusintha oyilo wa injini pa makilomita 5,000 alionse, ndi kukuntha kapena kusintha sefa ya mpweya kawirikawiri, makamaka kuyambira August mpaka mvula itagwa. M'rediyeta muzithira madzi ake a mankhwala, osati a pa mjigo, amene amasiya dzimbiri ndi miyala m'kati. Galimoto yotsika mtengo pang'ono yokhala ndi ndalama zoisamalira iposa yokongola imene mwini wake alibe ngakhale ya lita imodzi.

Nanga kukoma kwake kuli pati? Ena amayesa kuti kukoma kwa galimoto ndi liwiro. Si choncho. Mseu wa M12 umadutsa m'misika, ndipo m'mbali mwake muli njinga za kabaza, ngolo, mbuzi ndi ana a sukulu; kuthamanga sikufika. Kukoma kwa galimoto yaing'ono ndi kupepuka kwake: imamvera dzanja mukangokhotetsa pang'ono, imaima pamene mwaiuza, imalowa pampata pamene yaikulu yalephera, ndipo woyendetsa amaona bwino mbali zonse. Khalani pampando, muone ngati miyendo ikufika bwino pa zopondera ndi ngati msana ukupuma. Akunyumba nawonso aiyese, ngati onse adzaiyendetsa. Amene akufuna yomvera chiwongolero ayese Swift kapena Demio. Wofuna malo a katundu ayese Fit. Wofuna mtendere wa mumtima pa zipangizo ayese Vitz kapena Passo. Mukatsika m'galimoto mutayenda makilomita 10 mtima ukufunabe kupitirira, imeneyo yakuyanjani.

Tibwereze mwachidule, omvera. Dziwani ntchito imene galimoto izigwira. Sankhani injini yolingana ndi maulendo anu. Suzumirani pansi ndi pa matayala. Dziwani mtundu wa giya ndi oyilo wake. Funsani makaniko za zipangizo. Onetsetsani mapepala, ndipo musapereke ndalama zonse umwini usanasinthidwe. Siyani kangachepe kosamalira. Wogulitsa akakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, musatekeseke. Galimoto zogulitsa sizidzatha, koma ndalama za thukuta lanu zikapita sizibwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino tidzakambirana za kayendetsedwe ka galimoto m'nyengo ya mvula.